Kunja mvula, pa TV chipale: mafilimu a Khirisimasi a eni amatikoka ndi chiyani?

Khirisimasi yapitayi tinakadyera kwa achemwali anga ku Chilomoni. Mpunga ndi nkhuku zitatsika, mvula inagwetsa kuchokera cha ku Michiru, ija yobwera ndi mkokomo, moti ana amene anakonzeka kukaonetsa nsapato zatsopano kumsewu anangoti kakasi pakhomo. Mwana wa achemwaliwo, mnyamata wa Fomu 2, anasolola fulashi m'thumba n'kuibaya kuseri kwa TV. Dzulo lake anali atapita nayo pamsika, kwa anyamata aja oika nyimbo ndi mafilimu. Imene inatseguka inali Home Alone, yomasuliridwa m'Chichewa ndi munthu mmodzi amene ankalankhulira aliyense: mwana, make, mbava ziwiri, ngakhale wapolisi.

Mayi athu, amene Chingerezi chawo chimathera pa moni, anakokera mpando pafupi.

"Kodi make mwanayu anamwalira?"

"Ayi agogo, alipo. Akwera ndege, amuiwala."

"Kuiwala mwana? Ngati ambulera?"

Anapukusa mutu, koma sanasunthe mpaka filimu inatha.

Filimuyi inatuluka mu 1990. Anaipangira anthu a ku America, nkhani yake imachitikira ku Chicago m'nyengo yozizira koopsa, m'nyumba yaikulu ngati hotela. Palibe chofanana ndi Chilomoni wa mu Disembala, kumene thukuta limayamba m'mamawa ndipo ngumbi zimazungulira babu madzulo. Komabe gogo wa zaka zopitirira 70 anakhala pansi n'kuidandaulira nkhaniyo ngati ya pamudzi pake. Ndipo sikuti ndife tokha ogwidwa ndi za eni. M'mayiko ambiri, filimu imene banja limaonera pamodzi pa chikondwerero si ya kwawo, komanso si ya m'chinenero chawo.

Ku Poland, Home Alone yomweyi ili ngati mbali ya chakudya cha Khirisimasi. Nyumba ya kanema ya Polsat imaionetsa chaka ndi chaka. Mu 2010 inafuna kuisiya, koma anthu zikwizikwi anadandaula pa Facebook mpaka inabwezeretsedwa pa ndandanda. Ku Italy, madzulo a pa 24 Disembala anthu amadikira Trading Places, filimu ya ku America ya mu 1983 ya Eddie Murphy ndi Dan Aykroyd. Ku Sweden, 3 koloko masana tsiku lomwelo, mabanja amasiya zonse n'kukhala pansi kuonera makatuni a Donald Duck, ndipo akhala akutero kwa zaka zoposa 60.

Koma ya ku Norway ndiyo imanditenga mtima, chifukwa ili ndi ubale ndi zimene timachita kuno osadziwa.

Mu 1973, opanga mafilimu a ku Czechoslovakia ndi a ku East Germany anaphatikiza mphamvu n'kujambula nthano ya Cinderella monga anailembera mayi wa ku Czech, Božena Němcová. Filimuyo imatchedwa Tři oříšky pro Popelku, kutanthauza timtedza titatu ta Popelka, dzina la Cinderella m'Chicheki. Anaitsogolera ndi Václav Vorlíček, ndipo mtsikana wamasiyeyo anali Libuše Šafránková. Popelka wake si wongokhala kukhitchini kumalira. Amakwera hatchi, amalasa uta kuposa alenje a mfumu, amagenda mwana wa mfumuyo ndi chibuma cha chipale, ndipo akamufunsira amayamba wamuphera mwambi kaye. M'kamtedza kalikonse mumatuluka chovala: cha ulenje, cha kudansi, cha ukwati.

Filimuyi inabadwa ili yomasuliridwa kale. Ochita sewero a ku Czech ankalankhula chakwawo, a ku Germany nawonso chakwawo, ali pamalo amodzi, mawu n'kudzakonzedwa pambuyo. Ngakhale mnyamata amene anakhala mwana wa mfumu, Pavel Trávníček, mawu ake a m'filimu ya Chicheki si ake. Anamulankhulira wina chifukwa kalankhulidwe kake kanali ka ku Moravia, monga mmene Mchewa wa ku Kasungu amadziwikira akangotsegula pakamwa mu Limbe.

Itafika ku Norway, wailesi ya kanema ya boma ya NRK sinalembe gulu la anthu oimasulira. Inatenga mwamuna mmodzi, Knut Risan, kuti alankhulire onse: mtsikana wamasiye, mayi womupeza, mfumu, aliyense, mawu a Chicheki akumveka chapansipansi. Lero filimuyi imaonetsedwa m'mawa wa pa 24 Disembala chaka chilichonse. Risan anamwalira mu 2011, koma mawu ake akadali m'nyumba za anthu. Mu 2021 a ku Norway anajambula yawoyawo ya nthano yomweyo, m'chinenero chawo, ndi zipangizo zamakono, koma yakale ija sinachoke pamalo pake.

Mwamuna mmodzi kulankhulira mtsikana, gogo ndi mfumu. Aliyense amene anakhalapo pa benchi la vidiyo sho ku Ndirande kapena ku Bangwe akuzidziwa zimenezi.

Pali njira zitatu zimene filimu imawolokera kuchoka m'chinenero china. Yoyamba ndi ya mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi. Ndi yotchipa, ndipo mayiko a anthu ochepa ngati Norway, Sweden ndi Netherlands amaikonda pa mafilimu a akuluakulu. Vuto lake pa filimu ya banja n'loonekeratu: mwana wa Sitandade 1 ndi agogo amene magalasi anathyoka sangathamange ndi mawu amene akusintha pakangopita kamphindi. Yachiwiri ndi yochotseratu mawu a eni n'kuikapo a anthu ena, aliyense wake, mogwirizana ndi milomo. Germany, Italy, France ndi Spain amatero, ndipo imadya ndalama zambiri. Amene amaonera Zee World amaidziwa njira imeneyi, Amwenye akulankhula Chingerezi milomo ikupita kwina. Yachitatu ndi ya munthu mmodzi uja. Ku Poland amamutcha lektor, ndipo amawerenga ndi mawu osakwera osatsika, ngakhale pamene mbava ikupsa mutu. Ku Uganda amawatcha ma VJ, ku Kenya kuli DJ Afro, ndipo ku Japan, mafilimu asanayambe kulankhula, kunali anthu otchedwa benshi oima pambali pa chinsalu n'kumafotokoza.

Womasulira wathu sali ngati wa ku Poland. Iye sabisala. Amasintha mayina a anthu, msewu wa ku Chicago amautcha wa ku Zingwangwa, amachenjeza mbava kuti "achimwene, musalowe mmenemo", amaseka yekha, amapereka moni kwa anzake a pamsika filimu ili pakati. Akaona kuti anthu akuda nkhawa amawakumbutsa kuti mwini filimu safa. Nthawi zina zimene akunena ndi zimene mzunguyo wanena zimasiyana ngati Nsanje ndi Chitipa. Ine ndinayamba ndi kunyoza ntchito imeneyi. Pano ndimaiona ngati ya ankhoswe: mlendo sangalowe m'banja popanda womulankhulira, ndipo nkhoswe yabwino simangobwereza mawu, imadziwa pofewetsa ndi pothira mchere. Dandaulo langa n'lakuti ena amathira mchere wambiri. Filimu yoti muonere ndi ana komanso apongozi mumangomva mawu oti simungawabwereze, aliyense n'kuyamba kuyang'ana kudenga. Palinso nkhani ya umwini. Lamulo la kukopera la 2016 lilipo, bungwe la COSOMA lilipo, koma pa fulashi ya pamsika eni filimu sapezapo ngakhale tambala.

Komabe womasulira sangadzutse filimu yakufa. Payenera kukhala china m'nkhanimo.

Mukaonetsetsa mafilimu a zikondwerero amene amayenda mtunda wautali, mupeza kuti nkhani yake si Khirisimasi kwenikweni. Khirisimasi imangokhala belu loitanira anthu pamalo amodzi. Nkhani ndi ya banja: wina wasowa pa mphasa, wina wabwera ndi chinsinsi, ena sanalankhulane zaka. Tsiku likuyandikira, ndipo ziyenera kukonzeka lisanafike. Mu Home Alone, chimene chimachititsa kuti mwana aiwalike ndi choti munthu wa mu Blantyre safunikira kufotokozeredwa: magetsi anazima usiku, mawotchi odzutsa anasokonekera, banja lonse linadzuka mochedwa, ndipo powerenga ana mothamanga anawerengera limodzi mwana wa neba. Achemwali anga pamenepo anati, "Zimenezo zimachitika, pa ukwati wa ku Mulanje tinatsala pang'ono kusiya wina m'basi."

Ndipo muli gogo wamwamuna woyandikana nawo nyumba, amene ana amamuthawa chifukwa cha mphekesera yoti anapha banja lake. Pamapeto zimadziwika kuti ndi munthu wosungulumwa amene anakangana ndi mwana wake, ndipo amabwera kutchalitchi mwakachetechete kuti angoona mdzukulu wake akuimba kwaya. Kuno kumene nkhalamba yokhala yokha imatha kunenedwa ufiti mpaka kugendedwa, nkhani imeneyo safuna womasulira. Chimodzimodzi Popelka: mwana wamasiye wozunzidwa ndi mayi womupeza ali m'nthano zathu zambirimbiri, timangosiyana kuti wathu amathandizidwa ndi mbalame kapena gogo wa kumtsinje, osati mtedza.

Chachiwiri n'chakuti nthabwala zake ndi za thupi. Munthu akaterereka n'kugwa chagada, Mcheki, Mpolishi ndi Mlomwe amaseka nthawi imodzi. Chitsanzo chopambana ndi kasewero ka mphindi 18 kotchedwa Dinner for One. N'ka Chingerezi, ochita sewero ake Freddie Frinton ndi May Warden anali a ku England, koma kanajambulidwa ku Hamburg mu 1963 ndi nyumba ya kanema ya NDR. Gogo wamkazi akukondwerera zaka 90, anzake anayi amene amawaitana chaka chilichonse anamwalira kale, ndiye wantchito wake amazungulira tebulo n'kumamwa m'malo mwa aliyense, uku akupunthwa pa mutu wa chikopa cha nyalugwe. Ku Germany kamaonetsedwa usiku wolowera chaka chatsopano, osakamasulira n'komwe, ndipo kanafalikira ku Denmark, Sweden, Norway mpaka ku South Africa. Chodabwitsa n'chakuti ku England kwenikweniko anthu ambiri sakadziwa. Mneneri kwawo.

Zimene zimakanika kuwoloka ndi nthabwala za pakamwa. Afalansa amafa nayo filimu yawo ya mu 1982, Le Père Noël est une ordure, mpaka amaloweza mawu ake. Aamerika ataijambulanso m'Chingerezi mu 1994 pa dzina loti Mixed Nuts, inagwa chagada. Yesani kumasulira nthabwala ya pa siteji ya minibasi ya ku Limbe kwa munthu wa ku Oslo, muona mmene imafera m'manja.

Nanga chipale? Ambiri a ife sitinachionepo, ena amangochitcha sinoo. Mu Disembala mumapeza mtengo wa pulasitiki m'sitolo ku Chichiri ataumata thonje, Faza Khirisimasi akutuluka thukuta m'ndevu zomata. Pali amene amati zimenezi ndi utsamunda wa m'maganizo, ndipo sindingawatsutse kotheratu. Koma ndikaona ana akuonera, ndimaganiza kuti chipale chimagwira ntchito ya mawu aja oyambira nthano, "Padangokhala". Chikangooneka, aliyense amadziwa kuti tachoka m'dziko la fizi ya Januwale ndi mtengo wa feteleza, talowa kumene zinthu zimatha bwino. Ndipo chipale chambiri cha m'mafilimu amenewa n'chabodza ngakhale kwa eni ake. Kampani ya Hallmark ya ku America imatulutsa mafilimu a Khirisimasi ambirimbiri chaka chilichonse, ndipo ambiri amajambulidwa ku Canada m'nyengo yotentha, anthu atavala majekete chipale chili chopanga.

Pali chinanso chimene sichili m'filimumo, chili kwa woionetsa. Mafilimu amenewa sanasanduke mwambo chifukwa choti ndi opambana onse. Anasanduka mwambo chifukwa nyumba ina ya kanema inawaonetsa tsiku limodzimodzi, ola limodzimodzi, zaka zambiri motsatizana, nthawi imene mawayilesi a kanema anali ochepa ndipo dziko lonse linkaonera chinthu chimodzi. Kwa nyumba ya kanemayo, kubwereza filimu yakale pa tchuthi n'kosavuta komanso kotchipa kuposa kupanga zatsopano. Mwana amene anaionera ali pamiyendo pa agogo ake amakula, amabereka, n'kufuna kuti mwana wake aionerenso. Pofika apo filimu siikhalanso ya ku Prague kapena ku Chicago. Imakhala ya fungo la kukhitchini kwa agogo.

Apa ndi pamene ife tinasemphana ndi anzathu. Nthawi imene a ku Sweden ndi Germany ankakhazikitsa miyambo imeneyi, kuno kunalibe wayilesi ya kanema. Mu ulamuliro wa Kamuzu Banda tinali ndi wayilesi ya MBC basi, ndipo Television Malawi inayamba mu 1999. Pamene TV inkafika m'nyumba zambiri, matepi, ma DVD ndi madishi anali atagawa kale anthu, aliyense kuonera zake. Mwambo wathu wa filimu pa Khirisimasi unakulira m'vidiyo sho: mwana wapatsidwa kandalama, wagula fanta ndi bisiketi, yotsalayo n'kukalowera m'chisakasa cha zikwangwani za choko. Kumeneko Khirisimasi inali ya karate. Chimene sitinkadziwa n'chakuti ena mwa mafilimu amenewo analinso a chikondwerero kwawo. Drunken Master II ya mu 1994 ndi Rumble in the Bronx ya mu 1995, zonse za Jackie Chan, zinatulutsidwa ku Hong Kong pa nyengo ya chaka chatsopano cha Achitchaina, pamene mabanja amapita limodzi kukaonera kanema. Ku India nakonso mafilimu akuluakulu amadikira zikondwerero za Diwali kapena Eid. Bajrangi Bhaijaan ya Salman Khan inatuluka pa Eid mu 2015. Nkhani yake ndi ya kamtsikana kosalankhula ka ku Pakistan kamene kasochera ku India, mwamuna wina n'kudzipereka kukabweza kwawo. Inakondedwa mpaka ku China. Mwana wosowa pakhomo yemwe uja, ndipo ulendo uno alibe n'chinenero chomwe choti wina amasulire.

Masiku ano amene akuyendetsa malonda amenewa ndi makampani oonetsa mafilimu pa intaneti. Netflix inatsegula zitseko m'mayiko ambiri, kuphatikizapo Malawi, mu Januwale 2016. Masamu ake ndi osavuta: lipirani filimu imodzi ku Norway kapena ku Brazil, ikani mawu olembedwa ndi omasulira m'zinenero zambiri, muigulitse dziko lonse, ndipo Disembala aliyense idzadzukanso yokha. Ku Ulaya kulinso lamulo la mu 2018 lokakamiza makampani otere kuti magawo 30 pa 100 alionse a zimene akuonetsa zikhale zopangidwa ku Ulaya konko, ndiye ayenera kuzipanga kapena kuzigula.

Mmenemo ndi mmene munatulukira Hjem til jul ya ku Norway mu 2019, ya nesi wa zaka 30 amene watopa ndi mafunso a kwawo, n'kunama kuti ali ndi chibwenzi, tsopano ayenera kuchipeza Khirisimasi isanakwane. Nkhaniyi inajambulidwanso ku Italy mu 2022, kenako ku South Africa mu 2023 pa dzina loti Yoh! Christmas. Sizodabwitsa. Funso loti "tidya liti mpunga wako?" amafunsa azakhali a dziko lililonse. Ku Nigeria, Kunle Afolayan anatulutsa A Naija Christmas mu 2021, ya mayi amene akufuna kuti ana ake aamuna atatu abweretse akazi pakhomo. Ku South Africa kuli How to Ruin Christmas, imene inayamba mu 2020 ndi ukwati, n'kutsatira maliro, anthu akusakaniza Chingerezi ndi zinenero zakwawo m'chiganizo chimodzi monga timachitira ife. Ya ku Brazil ya mu 2020, Tudo Bem no Natal que Vem, ndi ya bambo wodana ndi Khirisimasi amene amangodzidzimuka ali pa Khirisimasi ina, chaka chonse chitadutsa osachikumbuka, ana akukula iye osawaona. M'mafilimu a kumwera amenewa mulibe chipale. Muli dzuwa, thukuta, mapoto akuluakulu ndi achibale obwera osaitanidwa, ndipo anthu a kumayiko ozizira amawaonera ndi chidwi chofanana ndi chimene ife timaonera chipale chawo.

Kunena zoona, mu Blantyre ndi nyumba zochepa zimene zimaonera zimenezi mwachindunji. Bandulo ndi yodula, kulipira kumafuna khadi ya kubanki, ndipo magetsi alibe ulemu ndi Khirisimasi. Ambiri zimawafika kudzera pa fulashi, pa memori kadi ya foni, kapena tizidutswa ta pa WhatsApp ndi TikTok.

Tinalawako mbali inayo mu 2019, pamene The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, inaonetsedwa pa Netflix. Si ya Khirisimasi, koma kwa kanthawi Chichewa ndicho chinali chinenero chachilendo, anthu a kunja akuwerenga mawu m'munsi, ife tikuseka katchulidwe ka ena mwa ochita sewerowo. Opanga mafilimu tili nawo, Shemu Joyah ndi Joyce Mhango Chavula anatengapo mphoto kunja. Nkhani nazo n'zosasowa. Basi ya pa Wenela pa 24 Disembala, nkhuku ili m'katoni, thumba la shuga pamiyendo. Mnyamata wobwera ku Joni ndi galimoto yobwereka kuti kumudzi aone ngati zikuyenda. Mkamwini amene bonasi yake yathera panjira. Mvula yodula mlatho anthu ali tsidya lina, mpunga ukuzizira tsidya linalo. Ndikanakhala ndi kamera ndikanayambira pa Wenela.

Ku Chilomoni kuja, filimu itafika pamene gogo wamwamuna uja akukumananso ndi mwana wake panja, womasulira anayesa kuponyapo nthabwala, koma mayi athu sanaseke. Anangoti, "Bola apepesana asanafe." Achemwali anadzuka kukaika madzi a tiyi, chifukwa tonse tinadziwa kuti akunena za achimwene athu aakulu amene sanabwere.

Mvula itakata, ana anathamangira kumsewu nsapato zili m'manja. Mayi anaitana mdzukulu wawo uja.

"Kanthu kako kaja usafufute. Chaka chamawa udzandiikirenso ya mwana woiwalidwayo."

"Agogo, malo atha, ndimafuna ndiikemo nyimbo."

Anamasula mfundo ya pa chitenje, n'kuwerenga ndalama zopindapinda.

"Kagule kena. Aka ndisunga ine."

Pano fulashiyo ili m'chikwama chawo cha kutchalitchi, limodzi ndi buku la nyimbo ndi khadi ya kuchipatala.